Mkazi wa M'chombo

Anali atatayipa masamba atatu pamene zala zake zinaima.

Bambo ake anagwira ntchito ya sayansi zaka makumi atatu, kupima madzi akumwa. Atapuma pantchito anayamba kulemba nkhani zopeka za m'tsogolo, ndipo ankazilemba monga ankalembera kulabotale: tsiku pamwamba, nthawi m'mbali, kenako zimene maso aona basi. Iye, mwana wawo wamkazi, ankazitayipa Lamulungu lililonse pabalaza.

Nkhani ya ulendo uno inali ya munthu wotsala yekha m'chombo chopita ku nyenyezi. Tsamba lachinayi linati: "7:10. Mkazi uja walowanso ndi tiyi. Sindikudziwa analowera pati m'chombo muno. Ali ndi chipsera pachala chachikulu chakumanzere. Amamwetulira ngati timadziwana. Ndisamuonetse mantha."

Anayang'ana chala chake. Chipsera cha mpeni chinali pomwepo, choyera ngati ulusi.

"Achimwene, tabwerani muwerenge apa," anaitana mlongo wake amene ankakonza wailesi pakhonde.

Mlongo wakeyo anawerenga n'kuseka. "Watchukatu, chemwali. Walira mvula walira matope. Si ndiwe unkadandaula kuti sakuikamo m'nkhani zawo?"

"Bambo salemba chimene sanaone."

"Ndiye chombocho anachiona kuti? Kuseri kwa bafa?"

"Sekani," iye anatero chapansipansi. "Chakudza sichiimba ng'oma."

Anathira tiyi wamasana n'kupita naye kuchipinda. Makatani anali otseka ngakhale kunja kunali dzuwa. Bambo ake anakhala mowongoka patebulo, malaya atamanga mpaka pakhosi, wotchi ataivula n'kuiika pambali pa pepala. Atamuona anayang'ana wotchiyo, analemba kanthu, kenako anaphimba pepalalo ndi chikhatho.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero mwaulemu umene ankasungira alendo.

Iye anaika tiyiyo patebulo. "Bambo, ndine."

"Inde, inde." Anamwetulira, koma maso awo anali pachala chake. "Mundikhululukire funsoli. Anzathu ena aja munawaika kuti?"

"Alipo. Ali bwino."

"Nanga tifika liti?"

"Mawa m'mawa."

Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Mlongo wake anali ataima m'khonde la mkati, sikuludiraiva ili m'manja. Anali atamva zonse.

"Mawa musapite kuntchito," iye anati. "Tikawaperekeze kuchipatala."

Mlongo wakeyo anangogwedeza mutu. Kuseri kwa chitseko cholembera chinkakanda pepala mofulumira, osapuma.