Nyenyezi za Pamlatho

Amuna anga, a Isagani, anasiya kuyendetsa jipini, minibasi ya kwathu kuno, maondo atayamba kuvuta, ndipo kuyambira pamenepo foni inasanduka mkazi wawo wachiwiri. Matenda awo anali gulu la pa intaneti la anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wathu, momwe timachenjezana za madzi. Ukatumiza uthenga wothandiza, anthu amakudinira nyenyezi. Uthenga wa nyenyezi zambiri umakwera pamwamba, wopanda nyenyezi umamira pansi. Dzinja likatha, amene wakolola zochuluka amamutcha Mlonda, chithunzi chake n'kuchizunguliza mkombero wagolide. Ulemuwo sudyedwa, suvalidwa, koma akuluakulu a imvi zawo amaulimbirana ngati ana.

Chaka chatha Mlonda anali a Doro, ometa tsitsi pamsika, ndipo a Isagani zinawawawa kwambiri.

Tsiku la namondwe, masana, nditangopakula mpunga ndi nsomba zouma, ndinawaona akuvala chikhoti cha mvula.

"Mukupita kuti mvula yonseyi, bambo ake Ligaya?"

"Pamlatho pompa. Anthu akufuna kudziwa pamene madzi afika."

"Anthu ake ati? Iwowo alibe miyendo?"

"Iwe Perlita, tangovindikira chakudyacho. Sindichedwa."

Posakhalitsa chithunzi chawo chinatulukira m'gulumo, ndipo nyenyezi zinayamba kugwa ngati ngumbi. "A Isagani ndinu dolo," analemba wina. "Chaka chino mkombero ndi wanu," anatero winanso. Kenako wina, amene ndikukhulupirira anali pouma m'nyumba yosanja, analemba kuti: "Tatsikani pang'ono, achikulire, mzere wofiira woyezera madzi wa pachipilala sukuoneka."

Anatsikadi. Chithunzi chachiwiri anajambula ali pamasitepe a kunsi kwa mlatho. Madzi a matope anali atanyamula nthochi zozuka ndi chitseko cha munthu, ndipo m'munsi mwa chithunzicho ndinaona zala za phazi lawo. Ndinaimba foni, inalira mpaka kuduka. Ndimawadziwa, akamawerenga zowatama sayankha munthu.

Ndiye ndinalemba m'gulumo, koyamba chilowereni: "Chonde musawapatsenso nyenyezi amuna anga. Auzeni abwere kunyumba." Koma ine ndine yani? Uthenga wanga unamira ndikuona, kukakhala pansi pa chithunzi cha galu wa wina ali padenga. Pamwamba paja anthu ankapempha chithunzi chachitatu.

Ndinaimbira a Doro, chifukwa Mlonda akadina nyenyezi, gulu lonse limatsatira.

"Alamu, ndikadina ine, anthu anena kuti ndi nsanje," anatero a Doro. "Inu mukudziwa mmene tilili ndi amuna anu."

"Anene. Kapena mukufuna mudzawamete ali m'bokosi?"

Anadula foni. Nditayang'ana, uthenga wanga unali ndi nyenyezi imodzi, ya a Doro. Inabwera ina, inanso, mpaka unayamba kukwera. Unadutsa galu uja, unadutsa zithunzi za a Isagani, n'kukakhala pamwamba penipeni. Anthu omwe aja ankati tsikani anatembenuka. "Bwererani, achikulire, mayi akulira." Ena anachotsa nyenyezi zawo pazithunzi zija. Ine ndinkangowerenga mayina a odina, chifukwa china choti ndichite panalibe.

Pakati pa mayinawo ndinaona lawo. A Isagani, munthu amene sanayamikepo ngakhale ndiwo zanga, anandipatsa nyenyezi. Ndinakhala pansi pakhomo, kuseka ndi kulira pamodzi. Ndinayamba kukonza mawu oti ndiwalalatire akangolowa.

Ndisanamalize, m'gulumo munalowa kanema wogwedezeka wa mayi wina wa kutsidya. Mlatho unali utathyoka pakati, ndipo pamene panali masitepe panali madzi okhaokha. Anthu anayamba kumudinira nyenyezi mayiyo, uthenga wake n'kukwera pamwamba pa wanga.

Ndinaimbanso. Ulendo uno foni sinalire n'komwe.

Ndinatuluka osavala nsapato, kuthamangira kumtsinje, madzi akundifika m'maondo. Aliyense wa chikhoti amene ndinakumana naye ndinkamugwira mkono kuti ndimuone nkhope. Sindinkadziwa ngati nyenyezi ija anaidina ali kale panjira yobwerera, kapena akadali pamasitepe paja. Ndinayamba kuitana dzina lawo mokuwa, lopanda ulemu, mmene sindinawaitanepo pagulu chikwatiranireni.