Rediyeta Yokwerera Chitunda cha Thabwa

Nangondo analota atatsegula boneti ya galimoto ya malemu amuna ake, ndipo pamalo pa injini anapezapo mtsinje wa Shire ukuyenda. Madzi ake anali obiriwira ngati aja amathira mu rediyeta kuti aziziritse injini, namasupuni akudutsa pang'onopang'ono kuchokera ku batire kulowera ku fani. Anapondaponda pansi kuti amve ngati nthaka idakalipo. Inalipo, nthaka yomwe ija yakuda ndi oyilo ya pagalaja ya a Majawa pa Dyeratu, dzuwa lili paliwombo.

A Majawa, makaniko amene ankakonza galimotoyo kuyambira a Kaliwo, amuna a Nangondo, ali moyo, anali ataimirira m'bonetimo, madzi akuwalekeza m'mawondo.

"Ikudontha pansi apa, mayi," anatero akuloza ndi sipanala. "Ndinaiwotcherera chaka chatha, ndinaiwotchereranso nthawi ya mvula. Chitsulo chatha, palibenso poti moto ugwire. Musankhe rediyeta ina lero lomwe."

"Tangomatani pobowokapo, a Majawa."

"Mtsinje samata, mayi."

Nangondo ankadziwa chomwe ankafulumirira. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mwatitha, anali wodwala pakati, masiku atatsala owerengeka, ndipo anamwino anali atanena kuti mwana wagona mopingasa, akachilire ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kuchokera ku Chikwawa umawoloka mlatho wa Shire, n'kudutsa pa Thabwa, kenako n'kukwera chitunda chokhotakhota chija chimene chimawiritsa magalimoto. Pachitunda chomwecho ndi pomwe galimoto iyi inawira zaka ziwiri zapitazo, iye ali pa chiwongolero, amuna ake ali gone pampando wakumbuyo, akuthamangira nawo kuchipatala. Anatsika ndi chigubu kukasaka madzi kukhwawa. Pobwerera, ola lathunthu litatha, anawapeza atazizira. Chichokereni tsiku limenelo sanakwerenso chitundacho, ndipo tsiku lililonse ankadziuza kuti akanayang'ana madzi m'mawa uja, bwenzi bambo a mwana wake ali moyo.

A Majawa anatuluka m'madzimo ovolosi ili gwa, youma, n'kutsegula chitseko cha kanyumba kamalata komwe ankasungiramo zitsulo. Kunja kanyumbako kanali kakang'ono ngati bafa, koma m'kati munali mtunda wosaoneka polekezera. Marediyeta anali atapachikidwa kudenga ndi mawaya ngati nsomba zoyanika, mizere iwiri kumanja ndi kumanzere, ndipo onse ankapuma. Nangondo anaona timano tawo tachitsulo tikutseguka ndi kutsekeka.

Atalowa anamva matayala akukwekwesa pansi kumbuyo kwake. Galimoto ija inali kumutsatira yokha, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yozolowera mwini wake. Pampando wakumbuyo panali a Kaliwo, atavala jekete lomwe anawaika nalo m'manda, kuphazi kulibe nsapato. Anatsitsa galasi ndi dzanja.

"Mwaswera bwanji, amake Mwatitha?"

Mawu a Nangondo anatuluka okha. "Ndaswera bwino, kaya inu, abambo ake Mwatitha."

"Kwathu kuno sitiswera, timangokhala. Ndabwera chifukwa mukufuna kusankha ndi maso. Yezani ndi dzanja. M'lifupi ikhale zikhatho zitatu ndi zala ziwiri. Paipi yam'mwamba ikhale mbali ya dalaivala, yam'munsi mbali inayo. Ndipo muisuzumire m'kati, ikhale ya mizere iwiri. Ya mzere umodzi imatha mpweya pachitunda."

Anakweza galasi lija mpaka pakati, n'kupinda manja ngati munthu wodikira basi.

Nangondo anayamba kuyeza. Ankasokoneza n'kuyambiranso. Rediyeta yoyamba imene anaigwira inali yaikulu ngati chitseko, ndipo inayankhula asanamalize n'komwe.

"Musadzivute, mayi. Ine ndinali m'lole yonyamula nzimbe. Ndikalowa m'galimoto yanuyo boneti siitsekeka."

Anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula. Anayang'ana a Majawa kuti mwina nawonso adabwa, koma iwo ankangodzitokosa m'mano ndi kawaya.

Anadutsa ena ambiri. Ena anali ndi mapaipi oyang'ana kolakwika, ena anali opyapyala, ndipo imodzi inangomuuza kuti yatopa, asaidzutse. Patsogolo anapeza yakopa, yolemera, yakuda ngati mphika. Anayeza: zikhatho zitatu ndi zala ziwiri. Mapaipi anali m'malo mwake.

"Imeneyo ndiye chitsulo chenicheni," anatero a Majawa. "Zakalezi zikabowoka timawotcherera. Inachotsedwa m'galimoto ina, koma ilibe bala."

"Bala ndilibe," inavomera rediyetayo. "Koma m'mimba mwangamu muli dzimbiri ndi matope a ku Mwanza, komwe galimoto yanga inagubuduzikira. A Majawa sanandisuzumire. Ikani khutu pakamwa panga."

Nangondo anaika khutu pomwe pamakhala chitsekero. M'katimo anthu ankaimba nyimbo ya ukwati, amayi akululutira, wina akumenya chitseko cha galimoto ngati ng'oma. Nyimboyo inadukira pakati pa liwu. Kenako munangomveka tayala limodzi likuzungulira m'mwamba. Anabwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda galimoto yake.

Kumapeto kwa mzerewo, pansi, panali katoni yosatsegula. A Majawa anaing'amba ndi mano n'kutulutsamo rediyeta yatsopano ya aluminiyamu, yonyezimira, kumutu kwake kuli pulasitiki yakuda. Nangondo anainyamula ndipo inapepuka ngati lichero. Muyezo unakwana. Atasuzumira m'kati anaona mizere iwiri, yoyera, ikuyenda mpaka kutali ngati njanji.

"Ine sindinayendepo," inatero ndi mawu aang'ono. "Chitunda sindichidziwa. Ndimangodziwa kusunga madzi."

Nangondo anaibwezera m'katoni. "Mwana wanga ndimupereke kwa chinthu chosadziwa chitunda? Ayi. A Majawa, tibwerere ku yakale ija. Muiwotcherere kachitatu. Ija anaiika ndi manja awo bambowa, ndipo ine sindichotsa kanthu kalikonse kamene anakagwira."

A Kaliwo anatsitsanso galasi. "Majawa, itulutseni idziyankhulire yokha."

A Majawa anapisa mikono yonse mumtsinje uja n'kuvuula rediyeta yakale. Anaikhazika pampando wa ndalema ngati mboni pabwalo la milandu. Inali zipsera zokhazokha za moto, ndipo liwu lililonse limene inkatulutsa linkatsagana ndi dontho lobiriwira.

"Mayi," inayamba ndi mawu osasa, "ine ndinayamba kudontha chaka chathunthu tsiku lija lisanafike. Bambowa ankadziwa. Ankandimata ndi sopo, ndipo sopo akakanika ankandiswera dzira laliwisi pakamwa kuti likapsere pobowoka. Ankachita zimenezi kuseri kwa khola, inu mukusesa. Ngakhale mukanayang'ana madzi m'mawa uja, mukanawapeza odzaza. Anathira okha dzulo lake."

Nangondo anatembenuka. A Kaliwo ankayang'ana mapazi awo.

"N'zoona," anatero. "Ndinkati ndisintha tikakolola thonje. Thonje linakololedwa, ine ndinaiwala dala."

"Sindinamalize," inatero rediyeta ija. "Ndinawiradi pa kona yachinayi, zimenezo sindikana. Koma munthu akamwalira galimoto imadziwa, chifukwa imalemera mbali imodzi. Ife tinalemera tili pa mlatho wa Shire. Chitunda chonse chija ndinkakwera ndi maliro."

M'chipindamo marediyeta onse anasiya kupuma.

"Pa mlatho?" anafunsa Nangondo.

"Pa mlatho, amake Mwatitha," anayankha a Kaliwo. "Ndinaona madzi pawindo, ndinaona munthu akupalasa bwato, ndiye basi."

"Koma ndinkakuyankhulani. Pa Thabwa ndinakuuzani kuti mulimbe, tatsala pang'ono. Ndinakuuzani za denga lomwe munalonjeza kukhoma. Munandiyankha. Munati mmm."

"Imeneyo inali fani. Inali itamasuka."

Nangondo anakhala pansi, pa oyilo pomwepo. Apo m'pomwe anazindikira kuti m'dzanja lake lamanzere munali chigubu chachikasu chija, chodzaza, ndipo chogwirira chake chinali chitalowa m'mnofu mpaka khungu kumera pamwamba pake. Sanakumbuke kuti anachinyamula liti. Anayesa kutambasula zala, zinakana.

"Zaka ziwiri," anatero. "Zaka ziwiri ndakhala ndikuthamanga nacho kuchokera kukhwawa kuja. Ndikagona ndikuthamanga, ndikadzuka ndikuthamanga. Inu mukungoonerera?"

"Ndimakuonani."

"Nanga bwanji osanena?"

"Akufa sitiyamba nkhani. Timadikira munthu afike pomwe ayenera kusankha. Inu mumangotuma Majawa kuti awotcherere."

Nangondo anafuna kuwatukwana, chinthu chimene sanachitepo pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wawo. Anatsegula pakamwa, koma pansi panayamba kupendekeka. Masipanala anatsetsereka kudutsa pa mapazi ake. Marediyeta akudenga anapendamira mbali imodzi, makoma amalata anagwa popanda phokoso, ndipo anapezeka ali patsinde pa chitunda cha Thabwa, phula likunyezimira ndi kutentha, msewu ukukhotera m'mwamba mpaka kulowa m'mitambo. Galimoto inali itaima boneti ili yasa. Kutsogolo kwake kunali dzenje la ngodya zinayi, ndipo Shire ankatulukira pamenepo n'kumayenderera mumsewu.

M'mbali mwa msewu munali Mwatitha, atagwira chiuno ndi dzanja limodzi, linalo atanyamula chikwama cha zitenje ndi beseni. Ankangoyang'ana chitseko chakumbuyo, pomwe panakhala bambo ake.

"Mwanayu akufuna mpando uno," anatero a Kaliwo. "Koma ine sindingatsike pokhapokha dzenjelo litsekedwe ndi chinthu chomwe sindinachigwirepo. Musachedwe, nthawi yake yayandikira."

Nangondo anayang'ana dzanja lake. Anakoka chigubu chija ndi dzanja lamanja, khungu linang'ambika ngati nsalu yakutha, magazi osatuluka. Anachisiya paphula. Anatenga rediyeta yatsopano ija m'katoni, yopepuka, yozizira, n'kupita nayo kutsogolo kwa galimoto madzi akumukankha m'miyendo.

"Ndikuopa," inanong'ona rediyetayo.

"Nanenso," anayankha Nangondo, n'kuilowetsa m'dzenjemo.

Inalowa ndendende. Mapaipi anadzilumikiza okha, yam'mwamba mbali ya dalaivala, yam'munsi mbali inayo. Kenako mtsinje wonse unatembenuka n'kuyamba kulowa pakamwa pa rediyetayo: madzi, namasupuni, bango, ng'ona ziwiri, ndi munthu uja wa bwato ali chipalasire. Unalowa mpaka msewu unauma. A Majawa anabwera ndi chitsekero, anachipotokola kawiri, n'kutseka boneti.

Rediyeta yakale inali idakali pampando wake m'mbali mwa msewu. "Ine mundipereke kwa ogula zitsulo," inatero. "Mukawauze kuti akandisungunule ndikakhale khasu. Zoyenda zandikwana."

Chitseko chakumbuyo chinatseguka. A Kaliwo anatsitsa phazi limodzi paphula lotentha, kenako linalo. Anagwirizira chitsekocho mpaka Mwatitha atalowa ndi kukhazikika bwino, anamupatsira beseni lake, n'kutseka mosamala.

"Pa kona yachinayi musaime," anauza Nangondo. "Mukaike giya yachiwiri, muzingopita. Muyende bwino, amake Mwatitha."

"Inu mulowera kuti?"

A Kaliwo anayamba kutsetsereka wapansi kulowera ku mlatho, akudumphadumpha pang'ono chifukwa cha kutentha kwa phula. Nangondo anakhala pa chiwongolero, anaika dzanja pa kiyi, n'kupotokola.

Anadzidzimuka ali pabenchi pansi pa mtengo wa nimu, pagalaja ya a Majawa, thukuta litanyowetsa bulauzi yonse. Galimoto inali pomwe anaisiya, boneti yotsegula, pansi pake pali kachithaphwi kobiriwira. Pamkeka panali marediyeta awiri, yakopa yakuda ndi yatsopano ya m'katoni. A Majawa anaima chapatali ndi kansanza m'manja.

"Mwagonatu, mayi, ndinaopa kukudzutsani. Ndiye tiike iti? Yakopayi ndi yolimba, kapena ndiyesenso kuwotcherera yakale ija monga mumafunira."

Nangondo anawayang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu.

"A Majawa, malemu ankaswera mazira mu rediyeta?"

Kansanza kaja kanaima m'manja mwawo. Anayang'ana galimoto, kenako anayang'ana pansi.

"Wakuuzani ndani, mayi? Anandilumbiritsa kuti ndisadzanene."

Nangondo anagwira benchi ndi manja onse awiri. Panali funso lina, la pa mlatho, koma limenelo panalibe munthu wamoyo woti n'kuliyankha. Anakweza maso kuyang'ana mapiri a kum'mawa, komwe msewu wa ku Blantyre umakwera.

"Yakopayo muisuzumire m'kati musanagulitse munthu wina," anatero. "Chotsani yakaleyo, muike yatsopano. Mawa m'mawa ndikwera naye Mwatitha."