Jezi ya Mdzukulu wa a Wattie

Wowerenga mayina pa kanema uja atalumpha dzina la Hislop n'kupitirira kutchula ena, m'kalabu yathu ya mpira wa ragibi, kuno ku Scotland, monse munangoti zii. Mayinawo ankawatchula motsata alifabeti, choncho panalibenso chodikira. Fraser Hislop, mnyamata amene anavutitsa adani chaka chonse atavala jezi ya Scotland, anali atasiyidwa pa timu ya ragibi ya mayiko anayi, ija imasankhidwa kuchokera ku England, Ireland, Scotland ndi Wales.

Bambo ake a Fraser, a Dod Hislop, anangokankhira tambula ya mowa pambali n'kuzyolika. Tsikulo anali atamanga ndi tayi yemwe.

"Awiri okha!" anakuwa a Wattie Pringle, tcheyamani wa kalabuyo, mayina atatha. "Scotland yonseyi anthu awiri! A ku Wales adzaza ndege, chonsecho tinawakwapula pakwawo pomwe. Kochi ameneyu wasankha timu, kapena waitana abale ake ku ukwati?"

"Nanga si wa komweko!" wina anayankha chakumbuyo. "Akanakhala ndi malo akanatenga ndi apongozi ake."

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa mkwiyo. Pamenepo Sandy Laing, munthu amene pakamwa pake sipadutsa ntchentche, anatsamira pa kauntala n'kuwayang'ana a Wattie mwachipongwe.

"Iwe Wattie, ukuwerenga bwanji? Wachitatu sunamumve? Anamutchula koyambirira kwenikweni. Bevan. Kapena makutu ako amagontha akamva dzina limenelo?"

A Wattie anali atalimva bwinobwino. Gethin Bevan anali mdzukulu wawo, wobadwa kwa mwana wawo wamkazi, Morag. Anabadwira m'tauni momwemu, ndipo mpira anauphunzirira m'matope a bwalo la kuseri kwa kalabuyi, agogo akewo akumukalipira m'mbali. Koma bambo ake anali a ku Wales. Osankha timu ya Scotland atazengereza, a ku Wales anamukodola, iye n'kupita. Kuyambira pamenepo a Wattie sanatchulenso dzina lake pagulu. Choipitsitsa lero chinali chakuti Gethin ankasewera malo omwewo a Fraser, nambala seveni.

"Ameneyo si wathu," anatero a Wattie.

"Si wathu? Ndiye khomalo tichita nalo bwanji?" Sandy analoza ndi chibwano.

Pakhoma limenelo pali majezi m'magalasi. Mwambo wathu ngwakuti mnyamata aliyense amene anayambira pa kalabu ino, akafika pa timu ya mayiko anayi, amabweretsa jezi yake yoyamba, ndipo tcheyamani amaipachika ndi manja ake. Majeziwo ndi ochepa, ena anachita kufwifwa ndi ukalamba. A Wattie anakalambira pa mpando wa utcheyamani akulakalaka atapachikako imodzi.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Morag, amene ankaphika mapayi a nyama a chikondwerero chomwe chinali chitafera m'mazirachi, anatulukira atagwira foni, maso ali jenjenje ndi misozi.

"Bambo, Gethin akufuna ayankhule nanu."

"Ndatanganidwa."

"Mwatanganidwa ndi chiyani, kutukwana kanema? Landirani."

Anaiika pa tebulo atakweza mawu, moti aliyense ankamva.

"Agogo! Mwaona?" anatero mnyamatayo.

"Ndaona kuti Fraser amusiya."

Gethin anayankha kuti, "Zimenezo zandipweteka nanenso, agogo. Fraser tinakulira limodzi. Koma ndimati ndikuuzeni kuti jezi yanga yoyamba ndidzabwera nayo kumeneko. Kalabu yanga ya kuno ku Wales ikuifuna, ine ndawauza kuti ayi, ndinayambira kwa agogo."

Mtima wa a Wattie unadumpha. Ananyada, tisabise, ananyada kwambiri. Koma atadzutsa mutu anapeza maso onse ali pa iwo. Sandy ankamwetulira. A Dod, mnzawo wa kuyambira ku sukulu, anali chizyolikire. Ndipo iwo eni ndi amene anali atangokuwa kumene kuti a ku Wales aba malo.

"Khoma lino n'la ana a Scotland," anatero mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Unasankha kwa bambo ako, kaipachike komweko. Malo amene wapatsidwawo ndi a Fraser, ndipo ukudziwa kuti wawapeza chifukwa kochi ngwakwanu."

"Agogo, ine ndasewera..."

"Ndamaliza."

Foni inati thii. Sandy yekha ndiye anawomba m'manja, kenaka naye anasiya.

Morag anawayang'ana bambo akewo ngati akuona mlendo. "Mwanena kuti chiyani kwa mwana wanga?"

"Bwerera kukhitchini, iwe. Izi n'za kalabu."

"Za kalabu! Mmene a Scotland ankamusiya pa benchi ngati katundu, munali kuti ndi kalabu yanuyo? Ankabwera kunyumba akulira, inu mukuti dikira, dikira. Akanadikira mpaka imvi? Lero wafika pomwe inu simunafike, ndiye mukumuuza kuti wakwera pamsana pa kochi?"

"Morag, pali anthu pano."

"Anthu omwewa ndi amene mukuwaopa. Mwagulitsa mdzukulu wanu kuti Sandy akuwombereni m'manja. Sandy! Munthu woti sanagwirepo mpira chibadwire."

"Ine ndalakwanji, mayi?" Sandy anatambasula manja.

"Khala chete, iwe!"

Morag anavula epuloni n'kuiponya pa tebulo. "Mapayi ali mu uvuni. Akapsa muwapachike pakhoma lanulo." Anatola foni yake n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

A Wattie anakhosomola, nakoka mpando pafupi ndi a Dod. Ankafuna wina awauze kuti achita chamuna.

"Usadandaule, Dod. Ndili moyo ine, jezi imeneyo silowa muno."

A Dod anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Maso awo anali ofiira.

"Ndinakutuma ine?"

"Ukuti bwanji?"

"Ndikuti ndinakutuma? Kochiyo wakondera, inde, ndipo ndidzamutukwana mpaka tsiku la maliro anga. Fraser wanga wakula, ulendo wina sadzaupezanso. Koma amene wamusiya si Gethin. Mwana uja ndinkamunyamula ine pa galimoto limodzi ndi Fraser, onse ali matope okhaokha. Akanakhala mdzukulu wanga, bwenzi pano ndikuvina pa tebulo, olo akanasewerera dziko la kumwezi."

"Ndachitira iwe, Dod."

"Wachitira nkhope yako. Usandisenzetse uchitsiru wako, ndili kale ndi katundu wanga."

A Dod anaimirira, namasula tayi n'kuipinda m'thumba. Pa windo a Wattie anawaona akumupeza Morag pa galimoto, akumugwira paphewa, kenaka akulandira foni n'kuyamba kuyankhula. Ankamuyamikira Gethin.

M'kalabumo anthu anali atabwerera kale ku kanema, akukangana za osewera a ku Ireland. Palibe anawayang'ananso a tcheyamani. Kukhitchini kunayamba kutuluka fungo la zopserera.

A Wattie anasuntha mwakachetechete kupita pakhonde, kumene kunalibe maso a anthu. Anatulutsa foni yawo m'thumba, nayamba kufufuza. Anatsika mpaka pansi, nakweranso mpaka pamwamba. Munali manambala a anthu onse a mu komiti, a wogulitsa mowa, ngakhale a wotchetcha udzu wa pabwalo. Nambala ya mdzukulu wawo analibe.