Ayezi wa Che Yunus

"Ayezi watha," anatero Che Yunus, mwini makina a ayezi okhawo padokopo, uku anyamata ake akukweza matumba asanu m'galimoto ya munthu wina.

Lusiya anayang'ana chambo chake m'beseni. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuchifewetsa mimba. Mnzake Ajira, amene anali atangobwera kuchokera ku Joni patatha zaka khumi ndi ziwiri, anaima pambali. Dokoli analipeza litasintha zonse: mkuyu waukulu uja anadula, pamene ana ankasambira panali mpanda wa loji. Chosasintha chinali nkhalamba iyi yokha.

"Nanga awo si matumba, Che Yunus?" anafunsa Ajira.

"Eee, a pailoti! Ndege mwaimika pati, kuseri kwa mzikiti?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Chouluka chimatera, mwana wa Latif. Mnzakoyu dzana ankandinena pamsika kuti ndimadula. Akagule kotchipako."

Che Yunus anawachitanso chimodzimodzi bambo ake a Ajira. Atakana kuti mwana wawo asiye sukulu akakhale mkazi wachitatu wa Che Yunus, anawamana ayezi nyengo yonse yotentha. Nsomba zinkawola m'bwato, ogula anathawa, ndipo a Latif anamwalira akusoka maukonde a eni ake.

Masana Ajira anayala mapepala awiri pamkeka. Lina linali kalata ya kampani ya ndege: afike Lolemba ku Lilongwe, alipire maphunziro omaliza a ndege zazikulu, ntchito ikumudikira. Linalo linali la makina a ayezi oyendera sola. Ndalama zimene anasunga zinkakwanira chimodzi basi.

"Ukudwala mutu iwe?" anatero mayi ake. "Zaka zonsezi umatsuka mbale za azungu kuti uphunzire ndege, lero ukufuna kugulitsa madzi ouma?"

"Ndidzagulitsa theka la mtengo wake, amayi. Akazi a nsomba ndidzawapatsa poyamba."

"Usandinamize ndi akazi a nsomba. Ukufuna kubwezera Yunus."

"Ndikufunadi."

"Munthuyo shuga wamutha, mwendo ukutupa. Msiyire Mulungu."

"Mulungu ali ndi anthu ambiri oti aweruze. Ine ndili ndi mmodzi."

"Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire! Bambo ako anavutika kuti iwe uchoke pano, osati ubwerere kudzalimbana ndi nkhalamba. Kampaniyo idzakudikira?"

"Sidikira munthu. Pamzere pali ena makumi anayi."

Lachisanu anthu atatuluka mu mzikiti, Ajira anapita kwa Fletcher, mwini mashopu a padoko. Fletcher anamuonetsa chipinda chachikulu cham'mbali mwa nyanja, pamene mabwato amakocheza.

"Apa ndiye pa bizinesi, achemwali. Asodzi akangotsika, ali pakhomo panu."

"Ndikufuna icho," anatero Ajira, akuloza kachipinda kong'aluka khoma, koyang'anizana ndi khonde limene Che Yunus ankakhalapo tsiku lonse.

"Icho? Chimadontha. Ngakhale mbuzi zimachikana."

"Tifolera. Bola mzere wa makasitomala uzidutsa pamaso pa Che Yunus."

Anasaina pomwepo, kenako anaimbira foni kampani ya ndege ku Lilongwe kuti sabwera. Mayi amene anayankha anamufunsa kawiri ngati akutsimikiza, ndipo kawiri konse Ajira anavomera.

Atafika kunyumba anapeza mayi ake atakwera pampando, akuchotsa pakhoma chithunzi cha Ajira atavala yunifolomu yoyera ya mizere pamapewa. Anachipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi, pamodzi ndi zovala za malemu.