Kuperekeza Kambani ku Chicago

"Ayi, basi imeneyi siima pa Lunzu."

"Nanga imaima pati?"

"Pa zinthu zoti anthu aone. Khala pansi, ukutchinga anzako."

Mwandida, amene ankalota zonsezi, anakhala pansi. Omulamulawo anali bambo ake, a Gwaza, amene anawaika m'manda chaka chatha. M'malotomo anali atavala jekete limene anagona nalo m'bokosi, maikolofoni ali m'manja. Basiyo inali yosanjikizana, yopanda denga, yodzaza ndi alendo a makamera m'khosi. Inkayenda pakati pa mzinda wa Chicago, ku Amereka, kumene Kambani, mchimwene wa Mwandida, anapita kalekale osabwerako, ngakhale kumaliro komwe.

Nkhani yake abale onse ankaidziwa. Tsiku limene Kambani ankanyamuka anali atakangana ndi bambo ake. A Gwaza anakhala pakhonde n'kumakonza wailesi yosawonongeka, mwana wawo n'kuchoka yekhayekha, sutikesi ili paphewa. Panalibe womuperekeza, ngakhale kungomufikitsa pamsewu.

"Kumanja kwanu, mabwana ndi madona, kuli mtsinje," anatero a Gwaza pa maikolofoni. "Eni mzinda anautembenuza kuti uziyenda chobwerera. Tiuombere m'manja."

Alendo anaomba m'manja. Mwandida anasuzumira. Madzi ankabwereradi m'mbuyo, ndipo pamwamba pake pankayandama mipando, njinga ndi mitondo, zinthu zimene anthu a mumzindawo anasiya kwawo pobwera.

A Gwaza anazimitsa maikolofoni n'kukhala pambali pake.

"Mchimwene wako sanafike," anatero.

"Sanafike bwanji, bambo? Si amatumiza zithunzi?"

"Unamuonapo pachithunzi atakhala pansi?"

Mwandida ankakonda mafunso ozunguza mutu, moti ku yunivesite anzake ankamuthawa pa nthawi ya chakudya. Anazikumbukira zithunzi zija chimodzichimodzi. Kambani pansi pa nsanja, ataima. Kambani m'mbali mwa nyanja, ataima. Kambani m'chisanu choyera ngati ufa, ataima, sutikesi ili paphewa.

"Munthu amene sanaperekezedwe safika," anatero bambo ake. "Amangoyenda. Ndipo wosafika sangabwerere kwawo, chifukwa alibe pochokera."

"Ndiye mwabwera kudzapepesa?"

"Kupepesa chiyani? Ine sindinakane kumuperekeza. Ndinangochedwa."

Basi inaima pa bwalo lalikulu. Pakati pake panali nyemba yachitsulo, yaikulu kuposa tchalitchi, yowala ngati galasi loonera nkhope. Alendo anathamangira kukadzijambula. A Gwaza anayamba amanga mabatani a jekete, kenaka anaomba m'manja mwaulemu.

"Odi kuno!"

"Fikani," inayankha nyembayo. Mawu ake anali a mayi wachikulire wodwala chimfine.

"Pepani, tafika mosadziwitsa. Tikufuna mwana wathu. Wamtali, wakuda, wosamva."

"Amadutsa pano tsiku lililonse," inatero nyembayo. "Anthu onse akaima apa amayang'ana nkhope zawo. Iye amayang'ana kumbuyo kwake, ngati kukubwera munthu. Lero walowera kunsanja yaitali ija."

A Gwaza anayandikira nyembayo. Anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta pamene alendo anadetsa ndi zala. Nyembayo inathokoza.

Anadutsa pa nyumba yosungiramo zojambula, pamene mikango iwiri yachitsulo inawapatsa moni n'kufunsa za mvula ya kumudzi. Anadutsa pansi pa sitima zoyenda m'mwamba, zimene zinkagwetsa masamba a mango. A Gwaza ankafotokozabe zonse pa maikolofoni, koma mofulumira, ngati m'busa amene wamva fungo la mpunga wa ukwati.

Pansanja paja analowa m'chikepe. M'chikepemo munkagwa mvula yoyamba, ndipo munkanunkhira dothi. Chitseko chitatseguka anapezeka pamwamba penipeni, mitambo ikudutsa m'miyendo mwawo ngati nkhuku. Kukhoma kunali kachipinda kagalasi kotulukira kunja, pansi pake pagalasinso, kuti mlendo aimepo aone mmene angafere, kenaka ajambulitse.

Kambani anali momwemo. Anali ataima, atamera imvi, sutikesi ili paphewa. Pansi pa mapazi ake sipankaoneka magalimoto a mumzinda. Pankaoneka msewu wafumbi wa kwawo, kutali kwambiri, wopanda munthu.

"Achimwene," anatero Mwandida.

Kambani anatembenuka. Anaona mlongo wake, anaona bambo ake, ndipo sanadabwe.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Bweretsa chikwamacho."

"N'cholemera."

"Ndakufunsa kulemera kwake ine?"

A Gwaza analanda sutikesi n'kuisenza pamutu. Anayamba kuyenda, mwana patsogolo, bambo pambuyo, ndipo kachipinda kagalasi kaja kankatalika pamene ankaponda, mpaka kanafika pamwamba pa nyanja. Kambani ankayenda mochedwerachedwera. Kenaka mawondo ake anapindika, n'kukhala pansi, khathya, ngati thumba la chimanga.

Alendo onse anajambula.

Kambani anapumira m'mwamba. Anayang'ana nyanja yopanda tsidya, mabwato oyera, gudumu lalikulu lozungulira lonyamula anthu, nyumba zazitali zitaima ngati nsungwi.

"Kodi kuno n'kokongola chonchi?" anafunsa.

"Wafika," anatero a Gwaza.

Koma iwo sanatule katundu. Anaimabe chiimire, sutikesi pamutu, thukuta likutsikira m'jekete. Mwandida anazindikira msanga. Woperekeza sabwerera yekha. Amadikira kuti woperekezedwayo amuuze kuti bwererani pano. Kambani akanena mawuwo, bambo awo abwerera kumanda. Akapanda kunena, aima pamenepo mpaka kalekale, alendo n'kumawajambula ngati nyemba ija. Anaunguza njira yachitatu, iye katswiri wa zozunguza mutu, koma sanaipeze.

"Achimwene," ananong'ona, "akudikira inu."

"Ndikudziwa."

Kambani anakhalabe pansi kanthawi, ngati munthu amene akulawa chinthu chatsopano. Kenaka anadzuka, anasasa buluku, n'kugwira manja onse awiri pamodzi.

"Bambo, bwererani pano. Mwandiperekeza. Zikomo kwambiri."

"Zikomo. Ukhale bwino, usamayambane ndi eni dziko."

A Gwaza anatula sutikesi n'kutembenuka.

"Komatu simungabwerere nokha," anatero Kambani. "Dziko lino n'lachilendo, musochera. Ndikuperekezeni pang'ono."

A Gwaza anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pang'ono pokha," anatero. "Iwe Mwandida, nyamula chikwamacho, manja akowo ndi a chiyani?"

Galasi linatseguka ngati madzi, ndipo mapazi awo anaponda fumbi lofunda. Mwandida ananyamula sutikesi. Inali yopepuka ngati dengu lopanda kanthu. Nyumba zazitali zija zinkawatsatira chapatali, zikuyenda mwaulemu m'mphepete mwa minda, mpaka imodziimodzi zinayamba kuima n'kubwerera.

Kutsogolo, bambo ndi mwana anali atayambiranso mkangano wawo wakale, pomwe anausiyira. A Gwaza ankaloza ndi chala, Kambani ankaseka. Anadutsa mlatho. Anadutsa chigayo. Anadutsa amayi ogulitsa anyezi, amene anaimirira n'kumafunsana kuti si mwana wa a Gwaza uyu. Kambani sanayang'ane m'mbuyo ngakhale kamodzi.

Mwandida anasintha sutikesi dzanja n'kufuula.

"Achimwene! Pang'ono pakepo ndi pati?"