Dothi la Apongozi

Ndinamugwira dzanja lisanafike pakamwa.

"Miyoba, n'chiyani ichi?"

Mkazi wanga anafumbata chikhatho, koma nyenyeswa zofiira zinali zitagwera kale pamimba yake ya miyezi isanu ndi umodzi. Pambali pake panali kachitini ka tiyi, kodzaza timibulu ta dothi lokazinga.

"Ni dothi chabe, ba Kondwe. Mtima umafuna. Manje muzanimanga?"

Linali Lachiwiri, pa 14 Malichi 2023. Dzulo lake tinali titalandira pepala la kuchipatala. Pa 9 Januwale mtovu m'magazi mwake unali pa 11, ndipo tsopano unali pa 34. Anamwino amayamba kuda nkhawa nambala ikangofika pa 5, chifukwa mtovu wa mayi umalowanso mwa mwana ali m'mimba, n'kukawononga ubongo.

Ine, Kondwelani, ntchito yanga ndi yoyeza mtovu m'nthaka ya Kabwe. Ndimayenda ndi kachipangizo konga mfuti yaifupi: ukakagunditsa pansi, kamalemba nambala. Bwalo la nyumba yathu ya lendi ku Natuseko ndinali nditaliyeza kanayi. Kachitini ka tiyi sindinakaganizirepo.

Ndinagunditsa kachipangizo pa timibulu tija. Pamalo osewerera ana nambala siyenera kupitirira 400. Kanalemba 5,870.

"Wakupatsa ndani?"

Miyoba anasiya kuseka. "Amayi."

Loweruka ndinakwera minibasi ndekha kupita kwa apongozi anga, a Nora. Zaka zinayi za ukwati ndinali ndisanakhalepo nawo pamphasa imodzi kapena kuwayang'ana m'maso. Mawu athu ankadzera mwa Miyoba. Kwathu ku Petauke ulemu ndi umenewo, kwa Alenje kwawonso ndi womwewo.

Iwo amakhala pafupi ndi mgodi wakale wa mtovu, pamalo pamene amati agogo awo ankalima mapira dzenje loyamba lisanakumbidwe. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994. Phiri lakuda la zotsalira zake lidakalipo, ndipo mphepo ikawomba limabwera lokha mpaka pakhomo.

Ndinawapeza akuyanika mfutso wa chibwabwa, masamba a maungu, pathumba. Atandiona ndili ndekha anatembenuka, nayamba kulankhula ndi mtengo wa mango.

"Iwe mtengo, funsa alendo ngati kwao kuli bwino."

Ndinagwada patali. "Amayi, dothi limene mumapatsa Miyoba lili ndi poizoni."

"Iwe mtengo, uza apongozi kuti dothi ija sinitola pamsewu ine. Nimakumba pachulu, kumbali yotulukira dzuwa, pamene chiswe chamanga manje-manje. Nimakazinga pa phale, nimaikako na kamchere. Amayi anga ananipasa ya chulu imeneyo. Ana seveni nabala, onse ali na miyendo iwiri-iwiri."

"Ndiloleni ndichiyeze."

Anatsogola, ine pambuyo. Chulucho chinali kuseri kwa dimba, chachitali kuposa ine, ndipo mbali imodzi chinali ndi mphako yosalala imene manja a akazi a banja limodzi anaikumba zaka zambirimbiri. Ndinagunditsa kachipangizo katatu, monga mwa lamulo la ntchito. Nambala yapakati inali 6,140. M'dimba inali 3,900.

Ndinawafotokozera kuti nambalazo zikutanthauza chiyani kwa mdzukulu wawo. Pamenepo a Nora anachita chimene anali asanachitepo. Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Mukamba kuti ndine nalowetsa poizoni mu mimba ya mwana wanga?"

"Si inu, amayi. Ndi dothi."

"Dothi inalakwa chani? Pamene eni mgodi anali kutulutsa myala zao na sitima, anabwera kunifunsa? Apita, atisiyira phiri. Lelo mubwera na kamfuti kanu kuloza chulu ya amayi anga." Analoza phiri lakuda lija. "Nanga iyo phiri, munailozapo?"

Ndinali nditalilozapo, kawiri, ndipo nambala zake ndinazipereka kumene zimapita. Sindinawauze zimenezo. Ndinangoona akubwerera pakhomo, akunyamula thumba la mfutso, chakudya cha chilimwe chonse, n'kuima nalo pakati pa bwalo osadziwa koliika.

Lolemba kuntchito ndinayenera kulemba fomu ya Miyoba, monga ndimalembera za mabanja ena. Pa funso la chimene chachititsa, fomuyo ili ndi timabokosi tinayi: kudya dothi, kusasamba m'manja, kusakolopa m'nyumba, kusiya ana asewere pafumbi. Tonse tinayi timaloza mayi. Ka mgodi palibe. Mafomu oterowo ndinali nditachonga 312 osaganiza kawiri. Ya 313 ndinailemba m'mphepete ndi cholembera chofiira: phiri lakuda, mamita 600 kuchokera pachulu. Inabwezedwa Lachitatu, ati makina sawerenga za m'mphepete.

Miyoba analeka dothi. Ankadzuka m'mawa akulilira ngati wosuta amene wamulanda fodya, ndipo mvula ikanunkhira pansi ankatseka mawindo. Nambala yake inatsika pang'onopang'ono mpaka 24.

Mwana wathu Lushomo anabadwa pa 27 Juni, wolemera makilogalamu 2.3. Mtovu m'magazi mwake unali pa 22. Dokotala anati zimene wawononga sitingazidziwe tsopano, tidzaziona akamayamba kulankhula, kapena akadzalowa sukulu. Ndiye kuti tidikire zaka zisanu ndi chimodzi.

Mchombo wake unagwa pa 4 Julaye. M'banja la a Nora, agogo aakazi ndiwo amautenga n'kukaukwirira m'nthaka ya makolo, kuti mwana adziwe kwawo. Wa Miyoba uli pansi pa mango uja.

M'mawa wa pa 6 Julaye a Nora anafika ku Natuseko atanyamula mtolo pamutu. Sanalankhule ndi mtengo, kapena khoma. Anayala chitenje pakhonde, nandandalika timapukusi tisanu ndi tinayi ta nyuzipepala, kalikonse kali ndi dothi lakelake.

"Apongozi, bweretsani kamfuti kanu. Iyi ni ya pansi pa mango. Iyi ya kuseri kwa nkhokwe. Iyi ya kudambo. Iyi," anakhudza kotsiriza ndi chala chimodzi, "ni ya pamanda a amayi anga. Munionetse yamene ikali bwino."

Ndinayeza kalikonse katatu, Miyoba akulemba, mwana ali kubere. Zinatenga mphindi makumi anayi. Nambala yotsika kwambiri inali 1,210, ndipo inali ya pamanda.

"Mchombo wouma mtovu sungaupweteke, amayi," ndinatero. "Kwirirani paliponse."

"Nimupase kwao kwamene sangakhale pansi?"

"Ndiye pabwalo pano. Pali 190 yokha."

"Pa nyumba ya lendi? Mufuna muzukulu wanga akhale wa ba landilodi?"

Miyoba anaseka, kenaka anabisa nkhope m'chitenje.

A Nora anamanga timapukusi tawo tonse, osataya ngakhale kambulu kamodzi, kuti akabwezere dothi lililonse pamene analitenga. Kenaka anaitanitsa kachitini ka tiyi kaja. Anakatsuka, anakapukuta ndi mpango wawo, anaikamo mchombo wokulungidwa m'kansanza koyera, n'kutseka.

"Sungani. Mukapeza malo yabwino, muniitane."

Lushomo tsopano ali ndi zaka ziwiri, ndipo mawu amene amatchula ndi asanu ndi limodzi. Ndimawalemba m'kope, lililonse ndi tsiku lake. Kachitini kali pamwamba pa kabati, pamene fumbi limafika pang'ono. Loweruka lililonse Miyoba amakatsitsa, kukapukuta ndi nsalu yonyowa, n'kukabwezera pomwepo.