Ndolo m'makina owumitsira zovala

Malotowa andisowetsa mtendere. Ndinalota makina athu owumitsira zovala akulira kuti khwee khwee, ngati nkhuku yogwidwa pakhosi. Nditatsegula, munatuluka mpweya wotentha, wonunkhira mafuta amene ine sindidzola. Ndinapisa dzanja kuseri kwa mgolo wake wozungulira uja, n'kugwira ndolo ya mkazi wina itakodwa pa lamba wozungulitsa mgolowo. Inandiwotcha chala, koma sindinaitaye.

Kutacha, makinawo ankaliradi. Nditangotenga sikuludiraiva kuti ndiwamasule, amuna anga anachita kudumpha pampando.

"Asiyeni, mayi a Chisomo, ndikonza ndekha. Ndi lamba chabe."

Mwina maloto ndi maloto basi. Koma bambo amenewa chilowereni m'banja sanasinthepo ngakhale babu. Nanga za lamba anazidziwa bwanji makinawo asanawatsegule?